Malangizo kwa Ana a M'minda ya Tiyi Amene Akuyamba Koleji: Kusankha Makosi ndi Chilankhulo

Bungwe la NCHE likatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, ku Thyolo kuno uthenga umathamanga kuposa thirakitala yotuta masamba. Wina akauona pa foni m'mawa ku Bvumbwe, pofika madzulo amakhala ataumva ku Makwasa, ku Luchenza mpaka ku Thekerani. Mayi amene wathyola tiyi zaka 20 amaimba nthungululu dengu lili kumsana. Ndiye pamabwera nkhani ya fizi, ya loni, ya matiresi, ya ndowa ndi ya thiransipoti, ndipo zonsezi abale amakhalirana pansi n'kukambirana. Chimene sichikambidwa ndi fomu imene mwanayo adzapatsidwe sabata yoyamba, yoti asankhepo makosi. Sichikambidwa chifukwa pakhomo palibe amene adaionapo.

Ine ndinakulira pa esiteti. Bambo anga anali kalaliki wa pasikelo, ndipo ndinali woyamba pabanja pathu kulowa koleji. Fomu imeneyo ndinailemba molakwika, ndipo ndinalipira ndi chaka chathunthu. Malangizowa ndikulembera inu ana athu ochokera m'makomboni a Satemwa, Makandi, Conforzi, Naming'omba, Nchima ndi m'midzi ya alimi ang'onoang'ono a tiyi, kuti mukafike kumeneko maso ali otsekuka.

1. Dziwani kaye mpata umene pulogalamu yanu ikukupatsani

Makosi a ku koleji ali mitundu iwiri. Alipo okakamiza, amene aliyense wa pulogalamu yanu ayenera kutenga, ndipo alipo osankha, amene mumatola nokha pa mndandanda. Kuchuluka kwa osankhawo kumadalira kumene mwapita. Amene mukukachita za unamwino kapena udokotala ku KUHeS kapena ku Malamulo, ndi amene mukukachita uinjiniya ku MUBAS kapena pa MUST pompano pa Ndata, mudzapeza kuti zaka zoyamba njira ndi yolambulidwa kale ndipo chosankha n'chochepa. Koma amene mukupita ku University of Malawi ku Zomba kukachita za uphunzitsi, za chikhalidwe cha anthu kapena za zilankhulo ndi luso, kusankha kumayamba chaka choyamba chomwecho, ndipo maphunziro amene mutole pamenepo ndi amene mudzachokereko posankha phunziro lalikulu la digiri yanu.

Tsiku loyamba funsani buku la malamulo a fakote kapena sukulu yanu. Ngati lili pa intaneti, lisungeni m'foni. Liwerengeni nokha, ngakhale Chingerezi chake chili chouma. Mufufuzemo zinthu zitatu: makosi angati amene muyenera kutenga pa semesita, ndi ati amene simungawapewe, ndipo chimachitika n'chiyani munthu akalephera imodzi, ziwiri kapena zitatu.

2. Yambirani kumapeto, mubwerere chammbuyo

Apa ndi pamene ndinagwera ine. Tinafika ku koleji awiri ochokera dera limodzi, ndipo poti mnzangayo anali wochangamuka pakamwa, ndinangokopera zimene iye analemba. Panali kosi ina ya masamu owerengera ziwerengero imene tinauzidwa kuti imagwetsa anthu, ndiye tonse tinailambalala n'kutenga ina. Chaka choyamba ndinakhoza bwino, chachiwirinso chimodzimodzi. Pofika nthawi yosankha phunziro lalikulu, ndinapita ku dipatimenti imene mtima wanga unali. Mkulu wa dipatimentiyo anatsegula faelo yanga, n'kuyendetsa chala pa mndandanda wa makosi, kenaka anandiyang'ana. "Mwana wanga, kosi ija simunatenge. Popanda imeneyo sindingakulembeni." Anandisonyeza tsamba la m'buku la malamulo pamene zinalembedwa poyera. Bukulo ndinali nalo m'sutikesi kuyambira sabata yoyamba. Ndinabwerera m'mbuyo kukatenga kosiyo, ndipo bambo anga anagulitsa njinga yawo kuti chaka chowonjezeracho chitheke.

Choncho tengani pepala. Pamwamba lembani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene mukuzilakalaka. Pansi pake lembani makosi a chaka chachinayi amene amatsogolera ku ntchitozo. Kosi iliyonse ya chaka chachinayi ili ndi ina ya chaka chachitatu imene muyenera kuyamba mwakhoza, imeneyonso ili ndi yake ya chaka chachiwiri, mpaka kufika pa fomu imene ili m'manja mwanu lero. Mukatsika makwerero amenewa mudzaona nokha makosi amene simuyenera kuwasiya. Ngati simunatsimikize chimene mukufuna, ndipo ambiri pa msinkhu wanu sanatsimikize, sankhani makosi amene amasiya makomo ambiri otsegula. Masamu ndi ziwerengero nthawi zambiri amatsegula makomo ochuluka kuposa mmene amaonekera chaka choyamba.

Amene mukuchita za uphunzitsi, ganiziraninso za sukulu imene mudzaphunzitse. Maphunziro awiri amene mudzatuluke nawo akhale oti alipo pa mayeso a MSCE ndipo sukulu ya sekondale ya kumudzi ikuwasowa.

3. Osadzaza dengu ndi masamba okhwima

Aliyense wokulira kuno amadziwa lamulo la wothyola: masamba awiri ndi nsonga. Amene amathamangira kulemera kwa dengu n'kumathyola ndi okhwima omwe, akafika pasikelo kapitawo amamukhuthulitsa kuti asankhe, anzake akupita. Makosi nawonso ali choncho. Ngati malamulo akuti mutenge makosi asanu kapena asanu ndi imodzi, tengani amenewo basi. Musawonjezere ina chifukwa choti dzina lake lakukomerani. Semesita yoyamba muli ndi zambiri zoti muzolowere: malo ogona, mwina kunja kwa sukulu, kudziphikira, ndalama ya loni imene nthawi zina imachedwa. Kosi imodzi yolephera imabweretsa mayeso obwereza, otchedwa sapu, ndipo zikachuluka munthu amabwereza chaka kapena kuwidedwa kumene, kutanthauza kuchotsedwa pa koleji. Chaka chobwereza kwa mwana wa wothyola tiyi ndi katundu wosenzetsa banja lonse.

4. Chilankhulo chachilendo choyamba ndi Chingerezi, musachipeputse

M'mayiko ena, monga ku America, makoleji ambiri salola munthu kutenga digiri asanaphunzire chilankhulo china kwa masemesita angapo. Kwathu kuno mapulogalamu ambiri alibe lamulo lotero. Koma tisanamizane: chilankhulo chachilendo chokakamiza tili nacho, ndicho Chingerezi. Kuti mulowe yunivesite ya boma munafunika makirediti 6 pa MSCE, imodzi mwa iwo ya Chingerezi. Mukafika mudzapezanso kosi ya chilankhulo ndi luso lolumikizana, imene pafupifupi aliyense wa chaka choyamba amatenga.

Ophunzira ambiri amaiona ngati kosi yopumirako. Amati Chingerezi tinakhoza kale. Ine ndikukupemphani kuti imeneyi muiike patsogolo, makamaka inu ochokera ku ma CDSS kumene aphunzitsi, pofuna kukuthandizani, ankamasulira zovuta m'Chichewa. Ku koleji mudzakhala m'holo ya anthu ochuluka, lekichala akulankhula mothamanga, osalemba pabolodi, osabwereza. Anzanu ochokera ku sukulu zolipira za m'tauni adzakhala akuseka nthabwala imene inu simunaimve. Zimapweteka, ndipo ndaona ana anzeru kwambiri atazizira n'kusiya kufunsa mafunso chifukwa choopa kuthyola Chingerezi pagulu. Nzeru zanu sizinachepe. Chimene chikusowa ndi chizolowezi cha khutu ndi lilime, ndipo chimenecho chimabwera ndi kuyeserera.

Chitani izi. Tsiku lililonse werengani mokweza tsamba limodzi la nyuzi, kaya The Nation kaya The Daily Times, ku laibulale zimapezeka. Mverani nkhani za m'Chingerezi pa wailesi, kenaka muyese kuzifotokoza nokha. Pangani gulu la anthu atatu kapena anayi; kambiranani phunziro m'Chichewa mpaka aliyense alimvetse, koma pomaliza aliyense alembe ndime yake m'Chingerezi, musinthane n'kukonzerana. Mwezi woyamba usanathe, kwezani dzanja m'kalasi kamodzi, ngakhale mtima ukugunda. Ndipo m'kosi ya chilankhulo ija tcherani khutu pamene akuphunzitsa katchulidwe ka mabuku amene mwatengamo mfundo. Kukopera ntchito ya wina osamutchula ndi mlandu waukulu ku koleji, ndipo ena amaupalamula chifukwa chosadziwa chabe.

5. Mverani makonti, koma osameza zonse

Ophunzira akale, amene amatchedwa makonti, adzakuzungulirani inu a chaka choyamba ndi malangizo ambirimbiri: uyu ndi lekichala woumira malikisi, iyi ndi kosi yaulere, iyo imawida. Zina ndi zoona. Koma kosi imene inavuta munthu wina siyenera kuvuta inu, ndipo malekichala amasintha. Funsani anthu atatu osiyana, mmodzi akhale amene anaikhoza bwino. Muwafunse zogwirika: mayeso ake amakhala otani, mabuku ake alipo ku laibulale, pamafunika laputopu kapena ndalama ya ulendo? Mukatero pitani kwa mlangizi wa ophunzira kapena mkulu wa dipatimenti. Ntchito yawo ndi imeneyo. Gogodani, perekani moni, nenani dzina ndi pulogalamu yanu, funsani.

6. Ngati mpata ulipo, tengani chilankhulo chimodzi, ndipo muyambe mwaganizira Chipwitikizi

Mukaima pa mapiri a Thyolo kuyang'ana kum'mawa ndi kummwera, dziko limene mukuliona kutsidya kwa Ruo ndi Mozambique. Chiperoni chimene chimanyowetsa tiyi wathu nthawi yozizira chinatenga dzina ku phiri la Chiperone la komweko. Kuchoka pa Luchenza kudzera ku Mulanje, msewu umakafika pa Muloza, ndipo mukangowoloka muli pa Milange. Tiyi wogulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe ayenera kukafika ku doko, ndipo madoko apafupi ndi Beira ndi Nacala. Feteleza ndi mafuta ambiri amalowera komweko. Njanji yochokera ku Moatize imadutsa m'dziko muno pa Nkaya n'kutulukira pa Nayuchi kupita ku Nacala. Pa Mwanza, pa Dedza, pa Chiponde ndi pa Muloza pali maofesi a kasitomu ndi makampani owombola katundu, ndipo m'zipatala za m'malire mumabwera odwala ochokera kutsidya, ena atanyamula mapepala olembedwa m'Chipwitikizi. Koma mukawerenga Amalawi ophunzira amene angalembe kalata ya ntchito m'Chipwitikizi, mupeza kuti ndi ochepa zedi. Ine zimandiwawa kuti dziko limene latizinga mbali zitatu timalidziwa pang'ono chotere.

Inu a ku Thyolo muli ndi poyambira. Agogo a ambiri mwa ife anachokera kutsidyako kudzagwira ntchito m'maesiteti, ndipo m'makomboni mukadali akuluakulu amene amalankhula Chipwitikizi. Ngakhale m'Chichewa chathu muli mawu ake: nsapato, mbatata, kalata, ndi kapitawo yemwe uja. Ngati koleji yanu ili ndi kosi ya Chipwitikizi, ilembeni. Ngati ilibe, chiphunzireni panokha: buku la galamala, maphunziro aulere a pa foni, mawailesi a ku Mozambique amene amamveka m'madera a m'malire, ndi munthu mmodzi wocheza naye.

Chifalansa chilipo pa MSCE m'sukulu zina, ndipo chimaphunzitsidwa ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University. Ngati simunachiphunzirepo ku sekondale, funsani kaye ngati pali kalasi ya oyamba kumene, chifukwa kulowa m'kalasi ya anthu amene achiphunzira zaka zinayi n'kudzitchera msampha nokha. Chifalansa chimathandiza amene akulakalaka ntchito ku SADC, COMESA kapena African Union, ndi m'mabungwe othandiza othawa kwawo. Ku Dzaleka ku Dowa kuli anthu ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo omasulira amafunika.

Chitchaina chakwera mtengo kuyambira pamene Malawi anakhazikitsa ubale ndi China cha m'ma 2008. Yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndipo University of Malawi ili ndi Confucius Institute yophunzitsa chilankhulochi. Katchulidwe kake kasakuopseni kwambiri. Ife tinazolowera kale kuti kukweza kapena kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Chovuta ndi zilembo zake, zimene zimafuna kulemba tsiku ndi tsiku. Ngati semesita yanu yadzaza kale ndi malabu, dikirani.

Chiswahili ndiye chapafupi kwambiri ndi chathu, ndipo munthu wolimbikira amayamba kuchilankhula m'miyezi yochepa. Mu 2019 SADC inachivomereza kukhala chimodzi mwa zilankhulo zake zogwirira ntchito. Amene mukuganiza zamalonda a tiyi, kumbukirani kuti msika waukulu wa tiyi mu Africa muno uli ku Mombasa.

7. Mukachiyamba, pitani nacho mpaka papepala

Semesita imodzi ya chilankhulo imangokuphunzitsani moni ndi kuwerenga mpaka 100. Pakatha chaka zonse zimauluka. Ngati mwasankha chilankhulo, konzani zochitenga zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo musasinthe n'kuyamba china pakati. Chimodzi chogwira bwino chimaposa zitatu zolawa.

Dziwaninso kuti olemba ntchito ndi opereka masikolashipu amafuna satifiketi yodziwika kunja. Ya Chifalansa ndi DELF, imene ili ndi magawo A1, A2, B1 ndi B2. Mayunivesite ambiri a ku France amafuna B2, ndipo mukaipeza siitha ntchito. Ya Chitchaina ndi HSK, ndipo mapulogalamu ambiri ophunzitsidwa m'Chitchaina amafuna gawo 4 kapena kuposa. Ya Chipwitikizi ndi mayeso a CAPLE a ku Portugal kapena Celpe-Bras a ku Brazil. Ku Germany, ngati maphunziro ali m'Chijeremani, amafuna TestDaF kapena DSH. Ngakhale pa Chingerezi, mayunivesite ena a kunja amafuna IELTS kapena TOEFL. Mayeso awiriwa ndi okwera mtengo ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musawalembe chaka choyamba. Dikirani mpaka mutadziwa kumene mukupempha malo, ndipo muyambe mwafunsa ngati angalandire kalata yochokera ku koleji yanu yotsimikiza kuti digiri munaichita m'Chingerezi, poti ena amalandira.

8. Chilomwe ndi Chichewa musazisiye pageti

Ana ambiri a kuno akafika ku koleji amabisa kuti kwawo kumalankhulidwa Chilomwe kapena Chimang'anja. Musatero. Ngati pa mndandanda pali kosi ya zilankhulo za mu Africa, iganizireni mofatsa. Ku Zomba kuli dipatimenti yake, ndiponso Centre for Language Studies, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Pa MUST pali Bingu School of Culture and Heritage. Mabungwe a zaumoyo, a zaulimi, makhoti ndi mawailesi amasowa anthu odziwa kumasulira uthenga bwinobwino, osati ongotembenuza mawu a Chingerezi limodzilimodzi. Mlangizi wa zaulimi wochokera ku LUANAR amene angafotokozere agogo a ku Thekerani za kudulira tiyi m'chilankhulo chawo amamveka kuposa wobwera ndi mawu a m'buku. Ndipo Chilomwe chikuchepa olankhula. Ngakhale pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, achinyamata ambiri amavina koma kuyankha moni kumawavuta. Pa holide khalani pansi ndi agogo anu, kope lili m'manja.

Amene mukuchita za unamwino kapena uphunzitsi, mukapeza mwayi wa chilankhulo chamanja cha anthu osamva, musaulole kudutsa.

9. Tsiku lolembetsa

Musanapereke fomu, ikani makosi anu onse pa ndandanda ya nthawi muone ngati awiri sakugundana ola limodzi. Zikagundana pitani ku dipatimenti tsiku lomwelo. Musadalire kuti mudzakopera manotsi kwa mnzanu. Onetsetsani nambala ya kosi iliyonse, chifukwa kulakwitsa nambala imodzi kungakulembetseni kosi ina, n'kudzazindikira dzina lanu likusowa pa mndandanda wa mayeso. Ngati mukulembetsa pa intaneti, jambulani tsamba lomaliza, ndipo mukapeza ndalama lisindikizeni. Funsani tsiku lomaliza lololedwa kusintha kosi, mulilembe pachikuto cha kope. Masabata oyambawo lowani m'kalasi iliyonse, kuti ngati kosi ina sikukuyanjani muisinthe nthawi ikadalipo. Kungosiya kupita m'kalasi osachotsa dzina ku ofesi kumawerengedwa ngati kulephera.

10. Kwa inu amayi ndi abambo

Mwina simunapite patali ndi sukulu, koma apa muli ndi mbali yanu. Mwana akabwera, muuzeni akuwerengereni makosi amene watenga, ndipo pa iliyonse mumufunse kuti, "Imeneyi ikupita nawe kuti?" Akamayankha mozungulira, ndiye kuti sanaganize mokwanira, ndipo funso lanulo limutumiza kukafunsa. Musamukakamize phunziro chifukwa choti mwana wa a manijala anachita lomwelo. Akanena kuti akuphunzira Chipwitikizi kapena Chitchaina musamuone ngati akutaya nthawi.

Ndipo pa holide yaitali, ngati mungathe, mupempheni kapitawo kapena a mu ofesi kuti mwanayo aloledwe kukaona ntchito ku fakitale ngakhale masiku ochepa. Aone masamba akufota, akudulidwa, akusintha mtundu, akuumitsidwa ndi kusankhidwa magiredi. Aone mapepala amene amatsagana ndi matumba a tiyi pochoka pa esiteti, awerenge doko limene lalembedwapo ndi dziko limene akupita. Wochita za sayansi aone ntchito ya ku Mimosa ku Mulanje, kumene kuli bungwe lofufuza za tiyi, kapena ku malo a kafukufuku a ku Bvumbwe. Akamabwerera ku koleji semesita yotsatira, fomu ija aidzaze atadziwa mayina a ntchito zimene anaziona ndi maso, ndi makosi amene anthu ozigwirawo anamuuza kuti anaphunzira.